Mlonda Akagona: Mbiri ya Zipata za Koeberg ndi Pelindaba

Usiku wina wa mwezi wa June, chiperoni chitakuta dera lonse la Bvumbwe, ndinkachokera kokaona wodwala m'mudzi wina wa kuseri kwa minda ya tiyi. Njira yachidule idandidutsitsa pa chipata cha esiteti ina. Ndidaimitsa njinga yamoto nkuodira kangapo, koma sipadaoneke munthu. Nditatsika ndidapeza alonda, bambo achikulire ndithu, atakhala pa chitsa, atadzifunditsa chijasi mpaka kumutu. Mbaula idali itazirala, chibonga chili pansi. Nditawagwedeza paphewa adadzidzimuka nayamba kufufuza tochi.

"Pepani bambo mfumu, musakandinenere kwa akapitawo," adatero akunjenjemera.

Ndidawafunsa kuti adagona liti komaliza pa mphasa ya kwawo. Adayankha kuti akaweruka m'mawa amalunjika kudimba kukathirira kabichi ndi tomato wokagulitsa pa msika wa Bvumbwe, pakuti malipiro a ulonda amatha mwezi usanafike pakati. Tulo amatibera masana, ola limodzi kapena awiri, pansi pa mtengo.

Sindidawanenere kwa munthu aliyense, koma nkhaniyi idandikhala mumtima. Bambo aja ankalonda nkhuni, feteleza ndi zitsulo za fakitale. Mbala ikadalowa usiku umene uja, eni ake akadataya matumba angapo basi. Alipo malo ena pa dziko lapansi pamene tulo ta mlonda mmodzi tingathe kupululutsa mzinda wathunthu. Mbiri ya malo otero ndiyo ndifuna tikambirane mwezi uno.

Ng'anjo yosafuna nkhuni

Aliyense amene adagwirapo ntchito mu fakitale ya tiyi kuno ku Thyolo adziwa kuti nkhuni za bulugamu zimasonkhezedwa pa moto waukulu, ndipo kutentha kwake ndiko kumaumitsa masamba. Malo opangira magetsi a nyukiliya nawonso maziko ake ndi kutentha. Kusiyana kwake nkwakuti m'malo mwa nkhuni amagwiritsa ntchito mwala wotchedwa yureniyamu. Tizigawo tating'onoting'ono ta mwalawu, totchedwa maatomu, tikamasweka timatulutsa kutentha koopsa. Kutenthako kumawiritsa madzi, nthunzi yake imazunguza makina, makinawo nkupanga magetsi. Chitsulo chachikulu m'mene maatomuwo amaswekera tingachitche ng'anjo.

Ng'anjo imeneyi situlutsa utsi, koma imabala poizoni wosaoneka ndi maso, wosanunkha, wokhoza kupsereza thupi ndi kuyambitsa khansa, ndipo wina mwa iye satha mphamvu kwa zaka mazanamazana. Yureniyamu yemweyo akayengedwa kwambiri amapangira bomba longa lija lidagwetsedwa pa Hiroshima mu 1945. Nchifukwa chake malo otere amazingidwa ndi mipanda, makamera, agalu ndi alonda a mfuti.

Kuno kwathu tilibe ng'anjo yotere. Magetsi athu ambiri amachokera ku madzi a Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Komabe mwalawu si wachilendo kwa ife. Kuyambira mu 1952 migodi ina ya golide ya ku Joni idayamba kupatula yureniyamu ku miyala yomwe ija ankafukulamo golide. Agogo athu amene adapita ndi Wenela kuchokera ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu ankaphwanya miyala yoteroyo pansi pa nthaka, ambiri osadziwa kuti muli chuma chachiwiri.

Koeberg, December 1982

Boma la azungu la South Africa lidayamba kumanga malo opangira magetsi a Koeberg mu 1976, m'mbali mwa nyanja yamchere, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa Cape Town. Omanga ake adali makampani a ku France, ndipo ng'anjo zidali ziwiri. Idali nyengo ya tsankho, chaka chomwe ana asukulu adaomberedwa ku Soweto, ndipo boma lidadziwa bwino kuti lili ndi adani. Lidazinga malowo ndi chitetezo cholimba. Koma m'maganizo mwa olondawo mdani adali ndi nkhope imodzi yokha: munthu wakuda wobwera usiku kudzadumpha mpanda.

Amene adabwera adali mzungu, masana dzuwa likuswa mtengo, chiphaso cha ntchito chili m'thumba. Dzina lake Rodney Wilkinson, mnyamata amene adakhalapo katswiri wa dziko lonse pa masewera a malupanga. Adagwirapo ntchito pa Koeberg pamene ankamanga, ndipo pochoka adatenga mapulani a nyumbazo. Iye ndi bwenzi lake, Heather Gray, adapita nawo ku Zimbabwe, dziko litangolandira ufulu, nakawapereka kwa a chipani cha ANC. Atsogoleri a gulu la nkhondo la chipanicho, Umkhonto we Sizwe, adaona kuti palibe wina akadalowa mosavuta kuposa mwini wake wobweretsa mapulaniwo. Wilkinson adavomera, nabwerera ku Cape Town. Mu 1982 adalembedwanso ntchito pa Koeberg, yojambula m'mene mapaipi adayendera, ntchito yomulola kufika m'zipinda zamkati.

Apa ndi pamene mbiriyi ikudabwitsa. Palibe amene adafufuza za moyo wake wakale, ngakhale kuti adali atathawapo ku usilikali ndiponso ankagwirizana ndi anthu otsutsa za nyukiliya. Pofuna kuyesa alonda, tsiku lina adalowa ndi botolo la kachasu wa vodka, lolingana kukula kwake ndi bomba. Adamugwira nalo mkati, pamalo pamene mowa udali woletsedwa. Adamutengera ku ofesi ya alonda, koma mkulu amene adamupeza kumeneko adali munthu wodziwana naye ku masewera. Adangomuchenjeza nkumumasula.

Mabomba adali anayi, a mtundu womamatira ku chitsulo, otchera nthawi ngati wotchi. Ankawabisa m'galimoto nkudutsa nawo pa chipata chakunja, pamene padali alonda ndi agalu, kenaka nkuwasunga m'kabati ya mu ofesi yake, nkuwanyamula m'kati mwa ovololo. Pa khomo lolowera mbali ya ng'anjo anthu ankasechedwa ndi kusintha zovala. Koma iye, podziwa mapaipi, adaona kuti ngalande ina yolowetsera mpweya idali yotsekedwa ndi pulasitiki chabe. Ankakankhira bomba pamenepo, nkukadutsa pa khomo manja ali m'thumba, nkukalitola mbali inayo.

Lachisanu pa 17 December 1982 adatchera mabomba onse anayi: awiri pa zivundikiro za ng'anjo, awiri pa nthambo zamagetsi za pansi pa zipinda zoyendetsera makina. Lidali tsiku lake lomaliza pa ntchito, choncho madzulo adamwa chakumwa chotsazikana ndi anzake pa malo omwewo. Atatero adakwera ndege kupita ku Johannesburg, ndipo adaoloka malire a Swaziland ali ndi njinga yakapalasa. Bomba loyamba lidaphulika Loweruka masana, lomaliza Lamulungu kusanache. A ANC adalengeza kuti adachita izi pokumbukira anthu 42 amene asilikali a South Africa adawapha ku Maseru, m'dziko la Lesotho, pa 9 December.

Palibe adafa kapena kuvulala. Ochita chiwembuwo adasankha mapeto a sabata, pamene antchito adali ochepa, ndiponso nthawi imene yureniyamu adali asanaikidwe m'ng'anjo. Katundu woonongeka adamuyerekeza kuti adali wa marandi 500 miliyoni, ndipo ntchito idachedwa ndi miyezi 18. Ng'anjo yoyamba idayamba kupereka magetsi mu 1984, yachiwiri mu 1985. Apolisi a boma la tsankho, amene ankaopedwa Africa yense, sadamugwire munthuyu. Dzina lake lidadziwika mu 1995, iye atadziulula yekha kwa atolankhani, ndipo pambuyo pake bungwe loona za choonadi ndi chiyanjano, limene ankatsogolera Bishopu Desmond Tutu, lidamukhululukira.

Za chilungamo cha nkhondo yolimbana ndi tsankho zidakambidwa kale ndi ena. Chimene tiyenera kuchisinkha ife nchakuti mzinda wa Cape Town udapulumuka chifukwa cha chikumbumtima cha wotchera mabomba, amene sadafune kukhetsa mwazi. Mipanda, agalu ndi mfuti sizidathandize kanthu. Akadakhala munthu wa mtima wina, wodikira mpaka ng'anjo itayaka, mbiri ikadalembedwa mwina. Ndipo patapita zaka 20, mu August 2002, anthu a bungwe la Greenpeace adafika pa Koeberg pomwepo ndi timabwato, nakwera pa denga la nyumba yopopera madzi a m'nyanja, napachika nsalu yawo yotsutsa. Khomo la kumtunda lidali litalimbitsidwa, la kunyanja litaiwalika.

Pelindaba, November 2007

Tichoke ku Cape Town tipite kumpoto, pafupi ndi Pretoria, ku malo otchedwa Pelindaba. Dzinali m'chinenero cha kumeneko litanthauza kuti nkhani yatha. Kumeneko kuli ng'anjo yaing'ono ya kafukufuku, SAFARI-1, imene idayamba ntchito mu 1965. M'dera lomwelo boma la tsankho lidayenga mwachinsinsi yureniyamu wopangira zida, ndipo mu March 1993 Pulezidenti F. W. de Klerk adaulula kuti dzikolo lidapanga mabomba a nyukiliya 6 nkuwaphwasula. Yureniyamu wa m'mabombawo adasungidwa ku Pelindaba. Pangano la 1996, limene maiko a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, adalonjezana kuti sadzakhala ndi zida za nyukiliya, limatchedwa ndi dzina la malo omwewa.

Pakati pa usiku wa pa 8 November 2007, anthu anayi a mfuti adafika pa mpanda wa magetsi a mphamvu ya mavoti 10,000. Adadziwa kuuzimitsa, adadziwanso kutseka pakamwa pa alamu. Adalowa nayendayenda mkatimo kwa mphindi pafupifupi 45. Makamera adawajambula, koma ku chipinda choonerako zithunzizo kudalibe amene adazindikira kanthu. Adafika mpaka ku ofesi yoyang'anira za ngozi. Kumeneko adakumana ndi mkulu wina wa ozimitsa moto, amene sadali nkomwe pa ntchito usiku umenewo; adangobwera kudzacheza ndi mayi amene adatomera, yemwe adali pa ntchito ya usiku. Munthu ameneyu adalimbana nawo, iwo namuombera pachifuwa. Adapulumuka, ndipo ndi iye adaimba lamya kuitana thandizo. Pamene alonda ankafika, achifwambawo adali atatulukira pomwe adalowera. Usiku womwewo gulu lina lidayesa kulowera mbali ya kumadzulo, koma lidabwezedwa.

Akuluakulu a malowo adati zidali mbala wamba zofuna makompyuta, ndipo sizidayandikire nkhokwe ya yureniyamu. Akatswiri ena, makamaka a ku America, sadakhutire ndi yankho limeneli, poona luso limene anthuwo adathyolera mpanda. Antchito 6 a chitetezo adaimitsidwa ntchito. Chimene onse agwirizana nchakuti wotchinjiriza malo oopsa chotere usiku umenewo adali mlendo wopanda mfuti, amene adapezekapo chifukwa cha chibwenzi.

Kwa eni chuma nakonso

Wina angaganize kuti izi nza kuno ku Africa kokha. Ku America, m'chigawo cha Pennsylvania, kuli malo opangira magetsi a nyukiliya a Peach Bottom. Mu March 1987 boma lidalamula kuti atsekedwe chifukwa oyendetsa makina ankagona pa ntchito, ndipo adakhala otseka zaka ziwiri. Patapita zaka 20, mu 2007, mlonda wina wa pomwepo, Kerry Beal, adaona kuti anzake a mfuti ankagona m'chipinda chodikirira. Adauza akuluakulu ake, koma sadamumvere. Kalata idapita ku bungwe la boma loyang'anira za nyukiliya, bungwelo nkupempha kampani yomweyo kuti idzifufuze yokha, ndipo kampaniyo idati palibe vuto. Beal adajambula anzakewo ali m'tulo, zithunzizo zidaonetsedwa pa wailesi ya kanema, ndipo pamenepo mpomwe onse adadzuka. Kampani ya alonda ya Wackenhut idalandidwa ntchito. Alonda aja ankagwira maola 12 pa tsiku, nthawi yambiri atangokhala m'chipinda kudikira mdani wosabwera.

Nkhani ina ikukhudza mmodzi wa ife. Pa 28 July 2012, Sisitere Megan Rice, wa chipani cha Holy Child Jesus, amene adaphunzitsa zaka zambiri ku Nigeria ndi ku Ghana, adalowa ndi anzake awiri ku Y-12, m'chigawo cha Tennessee, kumene America imasunga yureniyamu wopangira mabomba. Adali ndi zaka 82. Adadula mipanda ya waya ndi chodulira wamba, nafika pa khoma lenileni la nkhokwe, nalembapo mawu a mtendere, naligogoda ndi hamala. Kamera yoyang'ana pamalopo idali yakufa kwa miyezi ingapo. Alamu idalira, koma alonda adali atazolowera kulira kwake kwachabe. Ena adamva kugogodako nayesa kuti ndi amisiri. Mlonda amene adafika poyamba adachotsedwa ntchito, ngakhale lipoti la boma lidaonetsa kuti kulekerera kudayambira kwa akuluakulu osakonza zida. Sisitereyo adamangidwa, natulutsidwa mu May 2015 khoti litafafaniza mlandu waukulu, ndipo adamwalira mu 2021.

Poti m'nkhani zonsezi simudafe munthu, tingayese kuti ngoziyo njongoyerekeza. Anthu a mu mzinda wa Goiânia, ku Brazil, angatiuze zina. Mu September 1987 mlonda wa chipatala china chosiyidwa sadabwere ku ntchito, ndipo anthu awiri otola zitsulo zakutha adalowa natenga gawo la makina ochizira khansa. Ataliphwanya adapeza ufa wowala mwa mtundu wa buluu mumdima, ndipo abale ndi anansi adagawana pousirira. Anthu anayi adafa, mmodzi wa iwo mtsikana wa zaka 6. Anthu 249 adapezeka ndi poizoniyo, oposa 112,000 adapimidwa, ndipo nyumba zina zidagwetsedwa.

Chimene mbiriyi ikutiphunzitsa

Tikaika nkhanizi pamodzi tiona kuti palibe malo amene adasowa mpanda kapena ndalama. Ku Koeberg alonda adakhulupirira khungu ndi chinansi. Ku Pelindaba ndi ku Y-12 adasiyira ntchito makina, makinawo nkukhala opanda wowayang'ana kapena wowakonza. Ku Peach Bottom thupi lidatopa, ndipo wochenjeza adayesedwa wosokoneza. Akale adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma pa malo ambiri a ntchito wotsina khutu ndiye amayamba kudedwa.

Ulonda uli ndi vuto lake limene ntchito zina zilibe. Wothyola tiyi amaona dengu likudzaza, ndipo madzulo sikelo imamuchitira umboni. Mlonda akagwira bwino ntchito yake sipachitika kanthu. Usiku 1,000 ungathe kudutsa popanda mbala, ndipo mtima wa munthu umayamba kunena kuti usiku wa lero ukhala ngati wa dzulo. Bwana nayenso, poona kuti sipachitika kanthu, amayamba kuona malipiro a mlonda ngati ndalama yotayika: amachepetsa anthu, amatalikitsa maola, tochi ikatha mabatire sagula ena. Tsiku la tsoka likafika onse amaloza chala munthu wa pachipata. Kugona pa ulonda nkulakwa ndithu, ndipo sitikukuchepetsa. Koma tulo ta mlonda kawirikawiri timayambira mu ofesi ya amene adamulemba.

Nanga ife kuno?

Nkhaniyi idafika kale pakhomo pathu. Ku Karonga, makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwa boma, kuli mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera. Kampani ya Paladin ya ku Australia idautsegula mu 2009, nkuimitsa ntchito mu 2014 mitengo itatsika. Kampani ya Lotus Resources idaugula mu 2020, ndipo mu 2025 ntchito idayambanso. Tinene zoona: ufa umene umachokera ku mgodi si bomba, ndipo kuopsa kwake sikufanana ndi kwa ng'anjo yoyaka. Komabe umayenda pa misewu m'malole kupita ku madoko akutali, ndipo zotsalira zake zimasungidwa m'madamu, kumtunda kwa mtsinje wa Sere umene umathira mu North Rukuru, iyenso nkuthira m'Nyanja ya Malawi. Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la mphamvu za atomu mu 2011, ndipo lidabala bungwe loyang'anira zimenezi, la Atomic Energy Regulatory Authority. Lamulo ndi chiyambi chabwino. Mbiri ya anzathu ikutiuza mafunso oyenera kufunsa aphungu athu kosalekeza: olonda malo otere ndi angati, amagwira maola angati, amalipidwa bwanji, ndipo akaona cholakwika amakanena kwa yani popanda kuopa kuchotsedwa ntchito? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tikumbukirenso kuti ana athu ambiri ali ku Cape Town, Pretoria ndi Johannesburg, ena mwa iwo akugwira ntchito ya ulonda imene. Mphepo yochokera ku Koeberg siidzafunsa munthu chiphaso cha dziko lake.

Pomaliza ndibwerere kwa ife eni, mabanja a m'maparishi athu. Ambiri tili ndi alonda: pa sukulu, pa chipatala, pa chigayo, pa golosale, pa tchalitchi pomwe. Tidzifunse ngati timawadziwa maina awo, ngati ali ndi tsiku lopuma pa sabata, ngati ali ndi chofunda m'nyengo ya chisanu, ngati malipiro awo angawalole kugona masana m'malo mothamangira ganyu. Akatiuza kuti loko wathyoka kapena babu lapsa, tikonze tsiku lomwelo. Ndipo inu amene muli alonda, ntchito yanu si yonyozeka. Anthu amagona mtima uli m'malo chifukwa akhulupirira kuti inu muli maso. Musatsegulire munthu chifukwa choti mumamwa naye tiyi kapena wavala taye. Funsani aliyense, ngakhale wansembe.

Alonda a pa esiteti aja ndidakumana nawonso Loweruka lina pa msika wa Bvumbwe, akugulitsa kabichi. Adandiuza kuti iwo ndi anzawo adapita limodzi kwa akapitawo kukapempha kuti pa chipata chija pazikhala anthu awiri m'miyezi yozizira, kuti wina akamazungulira mnzake aziotha moto. Yankho adali asanalandire. Ndidagula mitu iwiri ya kabichi, ndipo ndidawalonjeza kuti tsiku lokafunsanso ndidzawaperekeza.